Kujambula show ya metal pa Dedza: kuyambira poona malo mpaka pa mix

Loweruka, 7 Juni: kuona malo

Anyamata anayi a konkuno ku Dedza omwe amaimba metal (rock yaphokoso kwambiri ija) akonza show yawo yoyamba ya pagulu pa 28 Juni, ndipo band ina yaku Lilongwe ibwera kudzawathandiza. Andipempha kuti ndijambule mawu, osati video, mawu okha basi, kuti akhale ndi chinthu chomveka choti azitumizira anthu. Ndizilemba pano mmene zikuyendera chifukwa anzanga onse amene ndawafunsa amadziwa kujambula kwaya ndi maukwati, koma ng'oma za double pedal (kick, ng'oma yaikulu ya pansi ija, yomenyedwa ndi mapazi onse awiri) ndi magitala awiri a distortion (kulira kokhakhala kuja) mkachipinda kakang'ono palibe anayesapo, nde mwina wina zidzamuthandiza.

Malo ake ndi kabala kena kuseri kwa msika. Ndayeza ndi tepi, mamita 11 mulitali, 6 mulifupi. Pansi ndi simenti yosalala, makoma a pulasitala, denga la malata lopanda siling'i, mitanda yonse ili poyera. Ndinaima pakati nkuomba m'manja, mawu aja sanathere pompo, anapitirira kulira m'makomamo, nde ndadziwiratu kuti ma cymbal adzativutitsa. Anthu 70 kapena 80 atha kulowa mothinana, ndipo kuthinanako kwa ine ndi kwabwino chifukwa matupi ndi majekete amameza eko.

Eni malo ndi mayi achikulire ndithu. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Mwanangu, si za satana zimenezi?" Ndinawayankha kuti ayi amayi, ndi nyimbo basi kungoti ndi zaphokoso, ndipo woimba ng'omayo Lamulungu amaimbanso kutchalitchi kwawo. Ndinawaonetsa pa foni ma show aku Botswana, ku Gaborone ndi ku Ghanzi, komwe metal ili ndi anthu ake ambiri, anaonera kanthawi nkuvomera, koma ati 11 koloko ikakwana chilichonse chizime chifukwa kuseli kuli nyumba za anthu.

Ma socket alipo awiri okha mchipinda monsemo, ndipo imodzi ili ndi fuliji ya mowa. Ichi ndachilemba m'kope.

Lachiwiri, 10 Juni: zida ndi mitengo

Ndinapita ku Lilongwe kukatenga zida. Rekoda ndi Zoom H5 ya mnzanga wojambula maukwati, wandibwereka mpaka kumayambiriro kwa Julayi pa K40,000. Ili ndi mamaiki awiri opingasana pamutu pake, ndi mabowo awiri pansi olowetsa XLR kapena jack, nde imajambula ma track anayi nthawi imodzi. Memory card ya 32GB ndagula K20,000, musagule yoposa pamenepo chifukwa H5 imalekezera pa 32GB. Zingwe ziwiri za jack ya TRS za mamita 10, K18,000 chimodzi. Kachingwe ka Y kogawa mawu pawiri kandiwotcherera wokonza mawayilesi pa K5,000. Mabatire a AA asanu ndi atatu K24,000, rekodayi imadya awiri nthawi imodzi. Ma earplug a siponji mapeyala khumi K15,000 ku shopu ya hardware. Minibasi kupita ndi kubwera K18,000. Zonse pamodzi K158,000, band yalonjeza kubweza theka kuchokera pa ndalama za pakhomo.

Ndaika rekoda pa WAV, 24-bit, 48kHz. Track imodzi pa ola imadya pafupifupi 520MB. H5 ilinso ndi Backup Rec, imajambula kope yachiwiri ya mamaiki a pamutu aja motsika ndi 12dB, ndayiyatsa, nde zonse pamodzi ndi ma channel asanu ndi imodzi, 3GB ndi pang'ono pa ola. Card ikwana bwinobwino ma band onse awiri. Phantom power, magetsi a 48V omwe rekoda imatumiza ku maiki, ndazimitsa, palibe maiki ya condenser yomwe ndilumikize pansipo, komanso 48V imamaliza mabatire msanga ndipo siyofunika kuitumiza m'mabowo otulutsa mawu a mikisa ya eni.

Loweruka, 14 Juni: kuyesa ndi band yonse

Mayi aja anatipatsa malo masana bala isanatsegulidwe. PA (zokuzira mawu) ndi ya achimwene ena omwe amabwereketsa pa zinkhoswe ndi misonkhano, mikisa ya ma channel 12, masipika awiri akuluakulu ndi monita imodzi (sipika yoti oimba azidzimva).

Poyamba ndinatenga mawu pa main out ya mikisa kulowetsa mu rekoda, monga timachitira pa ukwati. Titamvera kunja pa mahedifoni, munali mawu a woimba ndi kick basi, magitala akumvekera kutaaali kudzera mu maiki ya woimbayo, besi mulibiretu. Nditawafunsa achimwene a PA anati, "Aise, ine mu sipika ndimaikamo zimene zikuperewera mchipinda. Gitala ija ikumveka kale mpaka ku depoti, ndiiwonjezerenso chani?" Ndipo akunena zoona, apa ndiye pagona nkhani yonse ya kujambula m'malo aang'ono. Mikisa imanyamula zofooka zokhazokha, zamphamvu zonse zili mumpweya. Mamaiki a pamutu pa rekoda anagwira zosiyana kwenikweni ndi zimenezo, ma cymbal, snare ndi magitala zili gwa, koma woimba sakumveka kuti akuti chani ndipo double pedal yangosanduka chiphokoso chimodzi chosasiyanitsika. Paliponse pawiripa palibe pokwanira pokha, nde tiyenera kujambula zonse nkudzaphatikiza.

Tapanga chonchi. Mu monita woimba amafuna mawu ake okha, nde aux 1, bowo la mikisa lotumiza mawu ku monita, ili ndi vocal yokha, tagawa ndi kachingwe ka Y kaja, mbali ina ku monita ina ku input 1 ya rekoda. FX send, bowo lotumiza mawu ku reverb (eko yochita kuika), achimwene a PA sakuigwiritsa ntchito chifukwa metal yathuyi sikufuna reverb mchipinda cha eko kale, nde tatumizamo kick ndi besi kupita ku input 2. Besi yalowa mu mikisa kudzera pa line out ya amp yake. Vuto la FX send nlakuti imatsatira fader, achimwene akatsitsa kick pa PA nanenso kwanga itsika, tagwirizana kuti ma fader awiriwo timata tepi tikamaliza sound check. Ma input onse awiri ndayatsa pad ya -20dB yotsitsa mphamvu ya mawu olowa chifukwa mikisa imatulutsa line level, popanda pad ka light kofiira kamangoyaka ngakhale gain ili pansi.

Kenako nkhani ya poimika rekoda. Kutsogolo pafupi ndi band ma cymbal akupha china chilichonse. Kukhoma la kumbuyo besi ikuunjikana, mawu onse nkukhala a buuu. Pomwe pamveka bwino ndi mamita 6 kuchokera pa masipika, m'mwamba pa mtanda wa denga, mamita awiri ndi theka kuchokera pansi, pamwamba pa mitu ya anthu.

Chomwe chathandiza kuposa zida zonse ndi makireti a mowa. Ma amp a gitala anali pansi akuombera m'miyendo, nde oimba samadzimva, aliyense nkumangokweza. Tawakweza pa makireti awiriawiri nkuwapendeketsa kuloza kumakutu kwa eni ake, onse awiri anatsitsa volume okha popanda kukangana nawo. Kuseli kwa woimba ng'oma tatsamiritsa matiresi awiri kukhoma, mkati mwa kick taikamo bulangeti lopinda likukhudza chikopa pang'ono. Kusintha kwake nkwakukulu, kugunda kulikonse kwa pedal kwayamba kumveka pakokha.

Lachitatu, 18 Juni: magetsi

Loweruka lija woimba, yemwenso amagwira gitala yachiwiri, anadandaula kuti maiki ikumuluma pamlomo akaigunda ali chigwirire mawaya a gitala. Iyi si nkhani yosekera, anthu anafapo pa siteji ndi zimenezi. Lero ndabwera ndi wa magetsi, watsegula socket ya kutsogolo nkupeza kuti waya wa earth ungolendewera, sunalumikizidwe kulikonse. Wakhoma chitsulo cha earth kunja pafupi ndi khoma nkukoka waya watsopano. Chitsulo K14,000, waya ndi clamp K9,000, ntchito K15,000. Mayi aja alipira theka poti nyumba ndi yawo. Tayesanso, kuluma kwatha, ndipo kulira kwa mmmm komwe kunali mu amp ya besi kwatsika kwambiri.

Mnyamata wina anati kwawo akafuna kuthetsa hum (kulira kwa mmmm kuja) amangothyola pini ya earth pa pulagi ya amp. Chonde musamachite zimenezo. Hum ingathe inde, koma tsiku lomwe waya udzakhudze chitsulo mkati mwa amp, magetsi a 230V adzadutsa mwa munthu wogwira gitalayo.

Fuliji nayo ili ndi yake. Kompuresa ikamayaka imatulutsa ka "tyap" komwe kakulowa mu mikisa nkumveka pa track ya vocal. Ndawapempha mayi aja kuti izizima nthawi yomwe band ikuimba, poyamba anakana, koma Juni wa ku Dedza usiku mowa umazizira wokha pa shelefu, nde avomera kuti izizima pa set iliyonse nkumayatsidwa pa break.

Tabwereka jenereta ya petulo yoti idikire ngati magetsi angathime, K30,000 usiku umodzi. Mu Juni 2025 pa pampu petulo anali K2,530 pa lita koma kuti umupeze unali mzere wautali, tagula malita asanu a m'chigubu pa K25,000. Poyesa, jenereta yabweretsa hum yake, ndipo siikhazikika malo amodzi, band ikagunda mwamphamvu injini imalemedwa hum nkutsika, ikapuma nkukwera. Tayiika kuseli kwa chimbudzi ndi ekisitenshoni yaitali kuti phokoso la injini lisalowe pa zenera, nayonso tailumikiza ku chitsulo cha earth chija. Rekoda ikhala pa mabatire usiku wonse, sindiyilumikiza ku magetsi ngakhale pang'ono.

Lachisanu, 27 Juni: denga

Wa besi akagunda waya wokhuthala uja, lata lina pakona ya kumanzere limanjenjemera nkumalira ngati mavu atsekeredwa m'chitini. Pa kuyesa kuja tinkaganiza kuti sipika yang'ambika. Kalipentala wakwera nkupeza misomali itatu yazuka, wakhoma ina nkufinyira zidutswa za chubu pakati pa lata ndi mtanda, K6,000. Mabotolo opanda kanthu pa shelefu nawonso amagundana, tawatsitsira m'makireti.

Rekoda nditaimanga molunjika pa mtanda, kugwedezeka konse kwa denga kumalowa mu mamaiki, mawu a pansi nkumangoti gudugudu. Ndagula malegeni a K1,000 kwa a kabaza, ndamanga anayi kuchokera pa mitanda iwiri nkusiya rekoda ikulendewera pakati osakhudza mtengo, mamaiki ataloza ku band mopendekera pansi pang'ono. Gudugudu watha. Zingwe ziwiri zija ndazidutsitsa m'mwamba momwemo kutsata mtanda mpaka pa mikisa, palibe chodutsa pansi poti anthu a metal akayamba kukankhana saona chingwe. Pafupi ndi rekoda ndasiya zingwezo zili lende pang'ono, zikakungika zimabweretsanso kugwedezeka komwe malegeni achotsa.

Kuti ndifikire mabatani ndiyenera kukwera pa mpando. Ndauika pafupi ndi chipilala nkuumangirira.

Loweruka, 28 Juni: show

Sound check 5 koloko. Ndinauza woimba ng'oma kuti amenye mmene adzamenyere usiku, osati monyengerera, ndinaika gain kuti ma peak azifika pa -18dB, ndikudziwa kuti anthu akadzaza aliyense amawonjezera mphamvu. Mchipinda mahedifoni alibe ntchito, phokoso la band limaposa zomwe zili m'makutu, nde ndimajambula kachidutswa, kutsitsa rekoda, kutuluka panja kukamvera, kubwerera nkukonza. Ma fader a kick ndi besi tinamata tepi. Mabatire atsopano ndinaika 8 koloko, band yoyamba isanakwere.

Pakhomo K3,000. Analowa anthu 64 olipira, ena ochokera ku Lilongwe ndi band yawo, ena aku Ntcheu ndi ku Lizulu omwe anamva pa WhatsApp, ena ongofuna kuona kuti phokosoli ndi la chani. Panja kunali kuzizira koopsa, mphepo yochokera kuphiri, aliyense analowa ndi jekete ndi chipewa. App ya pa foni yanga inkaonetsa pakati pa 102 ndi 106dB pakati pa chipinda, app si chida choyezera chenicheni koma ikupereka chithunzi. Malangizo a NIOSH, bungwe la ku America loona za umoyo wa anthu pantchito, amati pa 85dB munthu asapitirire maola 8, ndipo ukawonjezera 3dB nthawi imadulidwa pakati, nde pa 100dB ndi mphindi 15 zokha. Ma earplug ndinagawira band, achimwene a PA ndi atsikana awiri ogulitsa pa kauntala, amenewo ndi omwe ndinkawadera nkhawa kwambiri chifukwa iwo sanasankhe kubwera ku metal, ali pantchito.

Band yaku Lilongwe inayamba, mphindi 40, zonse zinayenda bwino kupatula kuti woimba wawo amafumbatira mutu wa maiki ndi manja onse awiri pobangula, zomwe zinabweretsa feedback ya tswiii kangapo, ndipo yalowa pa ma track onse.

Pa break ndinakwera pa mpando kusintha mabatire nkupeza kuti pamwamba pa rekoda pali madontho a madzi. Kunja kulibe mvula. Nditaunika ndi tochi ya foni, malata onse mkati anali atachita thukuta, mpweya wotentha wa anthu 60 ovina ukukumana ndi lata lozizira la usiku wa Juni, madontho ali ndandanda m'mizere ya malata akudikira kugwa, ndipo besi ikagunda amayoyoka. Limodzi linali litagwera pa siponji ya mamaiki. Jumbo sinkanatheka chifukwa imachita phokoso ikamagwedezeka, nde ndinang'amba katoni ya sopo pa kauntala nkuimangirira ndi legeni pamwamba pa rekoda, chapatali pang'ono kuti isatseke mamaiki. Achimwene a PA anaphimba mikisa yawo ndi thawulo. Amene mudzajambule ku Dedza, ku Bembeke kapena kulikonse kozizira mnyumba yopanda siling'i, katoniyi muikiretu masana.

Kutentha komweko kunasokoneza tuning. Magitala anachunidwa masana kukuzizira, pofika 9 koloko mchipinda muli fuu, nyimbo yoyamba ya anyamata athu gitala ya lead inali itatsika pang'ono. Anachunanso isanayambe yachiwiri.

Koma aise mmene anaimbira. Nyimbo yachitatu ili ndi malo pomwe woimba ng'oma amasiya double pedal nkulowa kamenyedwe ka ngoma ya Angoni pa ma tom, magitala nkumagunda limodzi ndi phazi, chipinda chonse chinayamba kuponda pansi nthawi imodzi, ngakhale madala awiri omwe anangobwera kudzamwa anaimirira. Ndinali pa chipilala maso ali pa ka light ka rekoda ndikupemphera kuti kasafiire, chifukwa chimenechi ndi chomwe sichingapezeke mu studio iliyonse.

Pakati pa nyimbo yachisanu magetsi anathima. Ma amp, PA, mababu, zonse zii, kunatsala ng'oma zokha mumdima, ndipo mnyamatayo sanasiye, anapitiriza kumenya anthu nkumakuwa chorus ndi matochi a mafoni m'mwamba. Rekoda poti inali pa mabatire inagwira zonsezo. Jenereta inalira patapita mphindi zinayi, tinayamba tazimitsa ma amp onse kaye, kuyatsa mikisa, kenako ma amp pomaliza kuti masipika asaphulike ndi kugunda koyamba.

Magetsi a jenereta atabwera woimba anakodola achimwene a PA kuti sakudzimva, iwo nkukweza aux 1. Aux 1 ndi yomwenso ikupita kwa ine. Ndinaona input 1 ikufiira, kuti ndidutse pakati pa anthu okankhana nkukwera pa mpando panatha pafupifupi theka la nyimbo yachisanu ndi chimodzi. Ndinatsitsa gain, zotsalazo zinayenda bwino. Anamaliza nyimbo zisanu ndi zinayi 10:52.

Lamulungu, 29 Juni: kumvera koyamba

Ndisanachite china chilichonse ndakopera mafayilo onse pa laputopu ndi pa flash, 5.6GB. Makutu akadali olema ngakhale ndinavala ma earplug, nde lero ndangomvera motsitsa nkulemba. Track yaikulu ya mchipinda yasweka malo angapo mu nyimbo yachitatu pomwe anthu amaponda ndi kukuwa pansi penipeni pa rekoda, koma ya backup ija ya -12dB ndi yoyera yonse, ndigwiritsa ntchito imeneyo. Vocal ya nyimbo yachisanu ndi chimodzi yang'ambika mphindi ziwiri zoyambirira. Kuyambira pomwe jenereta inayaka, track ya kick ndi besi ili ndi hum. Pa nyimbo yachiwiri pali munthu anaima pansi pa rekoda akuuza mnzake za mtengo wa mbatata ku Lizulu, akumveka bwino kuposa woimba.

2 mpaka 6 Julayi: mix

Ndikugwiritsa ntchito pulogalamu ya Reaper, Audacity ikhozanso ndipo ndi yaulere.

Nditangophatikiza ma track onse, kick inamveka yopyapyala ndipo vocal ikumveka pawiri. Chifukwa chake ndi mtunda. Mawu a mu chingwe amafika nthawi yomweyo, a mumpweya amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, nde pa mamita 6 amachedwa ndi 17ms ndi theka. Ndinakuza waveform pa kugunda kwa kick kumodzi komwe kali pokha kumayambiriro kwa nyimbo, nkukankhira ma track awiri a mikisa kutsogolo mpaka nsonga zake zitagwirizana ndi za mchipinda, zinakwana pa 18ms. Kenako ndinayesa batani la polarity (lotembenuza waveform chadodolido) pa track ya kick ndi besi, mbali imodzi pansi panadzaza, mbali inayo panaphwa, ndasiya podzazapo. Poti ma track onse ndi a rekoda imodzi, kukonza kamodzi kwakwanira show yonse. Mnyamata wina wanditumizira video ya pa foni yake kuti ndiikemo mawuwa, kumeneko ndiye zina, poyamba zimagwirizana koma pofika kumapeto kwa mphindi 40 milomo ndi mawu zasiyana, ndiyenera kudula nyimbo iliyonse payokha.

Hum yandidyera nthawi yambiri. Magetsi athu ndi a 50Hz, nde hum imakhala pa 50, 100, 150 kumapita m'mwamba. Ndinaika notch (sefa yodula kamalo kamodzi ka mawu) pa 50Hz, hum inatsika koma besi inayamba kusowa malo ena. G wa pansi pa besi ali pa 49Hz, G wa gitala pa 98Hz, ndipo nyimbo ziwiri za anyamatawa riff yake yakhazikika pa G yemweyo, nde notch ikudya hum ndi nyimbo pamodzi. Kuonjezera apo hum ya jenereta ikuyendayenda, notch yopyapyala siikuigwira, yotakata ikupha besi. Chomwe chagwira ntchito ndi kusiya kulimbana nayo pomwe band ikuimba, chifukwa pamenepo siimveka nkomwe, nkumangotsitsa track imeneyo ndi automation (kulemberatu mu pulogalamu pomwe volume itsike) pakati pa nyimbo ndi malo omwe band yaima mwadzidzidzi. Ntchito ya manja, yotopetsa, koma besi yatsala yonse.

Pa track ya mchipinda ndadula zonse za pansi pa 80Hz kuti pansipo pakhale pa track ya mikisa yokha, ndatsitsanso 3dB kuzungulira 6kHz mpaka 8kHz pomwe ma cymbal amalasa. Pa kick ndakweza pang'ono pa 4kHz kuti ka "tik" ka pedal kamveke, popanda kameneko pa sipika ya foni double pedal kulibe, ndipo anthu ambiri adzamvera pa foni. Vocal ndaika compressor ndi ka reverb kochepa kwambiri kuti isamveke youma pamwamba pa chipinda cha eko.

Vocal yong'ambika ija ndayesa declip yokonzera mawu osweka, yathandiza pang'ono pa mawu oimba koma pobangula ayi. Woimba anati abwere adzaimbenso pamwamba pake kunyumba kwanga. Ndakana, ndipo ndamufotokozera kuti ikatero siikhalanso live, komanso mawu akale ali kale mu track ya mchipinda, awiriwo azidzalimbana. Pa mphindi ziwirizo ndatsitsa track ya vocal nkusiya ya mchipinda inyamule, mawu ali patali koma ndi enieni. Wa mbatata uja sangachotsedwe, ali pakati penipeni pa stereo, ndangotsitsa chipinda masekondi amenewo nkukweza ma track a mikisa, akumvekabe ukatchera khutu.

Chomwe chikuperewera kwambiri ndi snare. Mchipinda inkamveka bwino, pa rekodi yamira pansi pa magitala malo othamanga, ndipo palibe track yoti ndiikweze payokha. Show ina ndidzafuna rekoda ya ma input anayi ngati H6, maiki ya SM57 imodzi pa snare, ndi vocal yochokera pa splitter (chogawa mawu pawiri) maiki isanalowe mu mikisa kuti wina akakhudza aux zisandikhudze.

Lachitatu, 9 Julayi: kupereka

Ndamvera mix pa mahedifoni, pa foni, pa kasipika ka Bluetooth ndi mu galimoto ya mnzanga wa taxi popita ku Linthipe. Mu galimoto besi inachuluka, ndatsitsa 2dB. Band yabwera kudzamvera, asankha nyimbo zisanu ndi ziwiri, yoyamba aisiya chifukwa cha tuning ndipo yachiwiri chifukwa cha wolankhula uja. Yachisanu ya magetsi kuthima anakangana, wa lead amafuna ichotsedwe poti solo yake inadukira pakati, enawo akuti ikhale yonse ndi mdima wake womwe. Ine ndinavotera kuti ikhale, ndangodula mphindi ziwiri pa zinayi zodikira jenereta zija.

Ndawapatsa ma WAV pa flash kuti asunge, ndi ma MP3 a 192kbps otumiza, nyimbo ya mphindi zisanu ikukwana 7MB. Ndawauza kuti pa WhatsApp azitumiza ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili ndi dzina lake.

Ndalama zonse zomwe zatuluka kumbali ya kujambula, magetsi, denga ndi jenereta ndi K239,000, titachotsa K19,000 ya mayi aja. Pakhomo panalowa K192,000, PA inatenga K60,000, band yaku Lilongwe K50,000 ya transport, nde K79,000 yomwe anandilonjeza andipatsa yonse, iwo atsala ndi K3,000. H5 ndibweza Lachisanu, ndipo set ya aku Lilongwe ndiyamba sabata yamawa, feedback ija ili malo asanu ndi limodzi ndipo iliyonse ifunika notch yakeyake.